Thirakitala yofooka dzuwa likakwera: fufuzani hayidiroliki musanagule pampu

Mwezi wa Okutobala, aliyense akamathamangira kuti munda ukhale utatipulidwa mvula isanagwe, dandaulo lomwe limafika kugalaja limakhala lomwelomwelo. M'mawa thirakitala imanyamula pulawo ngati mtolo wa udzu. Ikamati 10 koloko mikono ya kumbuyo yayamba kuzengereza. Pofika masana dalaivala akumachita kuponda mafuta kuti pulawo izuke m'nthaka kumapeto kwa mzere, kenako imangokakamira pansi. Akazimitsa injini n'kupita kukadya nsima, pobwerako apeza yachira yokha. Mwini wake amabwera atagamula kale mlandu: pampu yatha, mungondiuza mtengo.

Nthawi zina imakhala yathadi. Koma ine ndaonapo pampu zabwinobwino zitagonekedwa pansi pa benchi pomwe wolakwa anali O-ring, kalabala kotchinga oyilo kochepa ngati mphete ya kuchala. Ndiye tiyeni tiyende mwadongosolo, kuyambira pa zosafuna ndalama kukathera pa zodula. Zitsanzo zambiri ndizitenga pa Massey Ferguson, monga 135, 165, 290 ndi 375, poti ndi zimene zadzaza m'minda ya kuno ndi ku Zambia, koma nzeru yake ndi imodzi pa thirakitala iliyonse.

Chimene kutentha kumachita

Oyilo ali ngati uchi. Wa mu Juni umachita kukanirira m'botolo, wa mu Okutobala umayenderera. Oyilo wa hayidiroliki wolembedwa ISO VG 46 amatchedwa choncho chifukwa kukhuthala kwake pa madigiri 40 ndi 46 cSt (cSt ndi muyeso wa kukhuthala kwa oyilo). Akafika madigiri 80 amatsika mpaka cha m'ma 10, ndipo pa madigiri 100 amakhala pafupifupi 7. Mkati mwa pampu, mavalavu ndi silinda muli timipata tochepa kwambiri pakati pa zitsulo. Zitsulozo zikadyeka timipatato timakula. Oyilo wozizira, poti ndi wokhuthala, amatseka yekha mipatayo ndipo thirakitala imaoneka yamphamvu. Akatentha n'kukhala wamadzimadzi amapulumukira m'mipata ija kubwerera pansi osagwira ntchito. Poipa pake mpakuti oyilo wothawa choncho amatenthetsanso mnzake, ndiye vutolo limadzisonkhezera lokha moto.

Pamenepa pali mafunso awiri, ndipo amakaniko ambiri amawasakaniza. Kodi oyiloyo akutentha mopyola muyezo, kapena akutentha mmene ayenera kutenthera koma zitsulo zatha? Pa ntchito yabwinobwino oyilo amakhala pakati pa madigiri 50 ndi 65. Akadutsa 80 amayamba kuumitsa ma seal, malabala otchinga oyilo kuti asathawe, ndipo iye mwini amapsa msanga. Thirakitala yofooka pa madigiri 55 ndi ina yofooka pa madigiri 90 sizidwala matenda amodzi.

Musanagwire sipanala

Tsitsani pulawo pansi, mangani handibuleki, zimitsani injini, ndipo gwedezani maliva onse uku ndi uku kuti puresha yotsalira ichoke. Pansi pa chinthu chomwe chagwiridwa m'mwamba ndi oyilo yekha sipalowa munthu, makamaka pa thirakitala yomwe mukuikayikira kale. Payipi yodontha musaifufuze ndi chala, tengani kachidutswa ka katoni. Oyilo wotuluka pa kabowo konga ka singano amaboola khungu ngakhale pa puresha ya 7 bar yokha, pamene thirakitala imafika 200 bar. Balalo limaoneka ngati mwalasidwa ndi minga, koma limatha kudulitsa chala. Zikachitika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukawauze madokotala kuti mwalowa oyilo.

1. Pitani kumunda ndi wotchi

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Musadalire zonena za dalaivala zokha, ndipo musayese thirakitala yomwe yagona pamthunzi usiku wonse n'kunena kuti ilibe vuto. Mangani pulawo kapena halo yomwe imagwira nayo ntchito masiku onse. Pa Massey, kankhirani liva ya draft control (yowongolera kuya kwa pulawo m'nthaka) m'mwamba kotheratu, muzinyamula ndi ya position control (yoimitsa mikono pamene mwafuna). Ikani injini pa liwiro limodzi, tinene 1500 rpm, ndipo werengani masekondi kuchokera pansi mpaka pamwamba, katatu. Lembani. Yezaninso kutentha kwa chitsulo chomwe mumakhala oyilo, pansi pa mpando. Kachipangizo koyezera kutentha kongoloza chapatali, ka infrared kaja, ndi kotsika mtengo poyerekeza ndi pampu. Ngati mulibe, dzanja limathandizako: pa madigiri 60 chikhatho sichipirira kupitirira masekondi ochepa.

Kenako ilimeni. Pakatha mphindi 20 zilizonse bwerezani muyeso uja, liwiro la injini lomwelo, katundu yemweyo. Papepala panu padzaoneka nkhani yonse: m'mawa masekondi 3 pa madigiri 25, kenako 5, kenako 9. Onaninso ngati kuponda mafuta kukuthandiza. Mikono ikamakana pa liwiro lotsika koma n'kumanyamula mukakweza injini, penapake oyilo akuthawa ndipo pampu ikungothamangitsana ndi bowolo.

Funsaninso kuti chafooka n'chiyani kwenikweni. Ngati mikono ya kumbuyo, ngolo yodzikhuthula yokha ndi loader (chonyamulira katundu cha kutsogolo) zonse zafookera limodzi, yang'anani zomwe zimadyera mbale imodzi: oyilo, sefa, pampu ndi relief valve, valavu yomwe imatseguka n'kutulutsa oyilo puresha ikapyola muyezo. Ngati chafooka n'chimodzi, vuto lili m'njira ya chimenecho. Chiwongolero chisakupusitseni. Pa ma Massey ambiri akale chili ndi pampu yakeyake kuinjini, choncho chimatha kupepuka bwinobwino kumbuyo kutafa.

2. Oyiloyo mumuone, mumununkhize

Imikani thirakitala pamalo athyathyathya, mikono ili pansi, muone pa dipusitiki. Pa Massey giyabokosi, difu ndi hayidiroliki zimamwera chitsime chimodzi cha malita 30 kapena kuposa. Ngolo yodzikhuthula imakoka malita angapo ikakwezedwa, ndiye oyilo amene anali pa mzere wapansi amasiya pampu ikumeza mpweya. Oyilo wochepa amatenthanso msanga, ngati madzi a m'kapoto kakang'ono.

Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Khomo lake nthawi zambiri ndi malabala ong'ambika a patsinde pa magiya, pa thirakitala yogona panja dzinja lonse. Donthezani pang'ono pa lata lotentha: akamathetheka, madzi alimo. Akakhala ndi thovu, pali mpweya. Akada n'kumanunkha chopserera, wapsa ndipo watha ntchito. Pakani pang'ono pa pepala loyera muyang'ane padzuwa. Tinthu tonyezimira ndi zitsulo zomwe zikudyeka.

Kenako funsani funso lomwe eni ake salikonda: munathira oyilo wanji, munamugula kuti? Thirakitala ina inandizunguza mutu masiku awiri, kufikira mnyamata woiyendetsa ataulula kuti ankawonjezera oyilo wakuda wochotsedwa mu injini ya lole, wosakanikirana ndi dizilo. Mathirakitala ambiri a masiku ano amafuna UTTO, oyilo wopangidwira giya, hayidiroliki ndi mabuleki oviikidwa mu oyilo nthawi imodzi. Pa chigubu yang'anani nambala yomwe buku la thirakitala yanu latchula, monga M1145 ya Massey Ferguson kapena J20C ya John Deere. Ma Massey 35 ndi ma 135 oyambirira ankathiridwa oyilo wa giya wa SAE 90 wopanda zowonjezera zambiri, ndiye mukathiramo VG 32 yopyapyala, pampu yokalamba imagonja dzuwa lisanafike paliwombo.

Ena amachita zosiyana: amathira SAE 140 kuti abise matendawo. Masana imanyamuladi. Koma m'mawa wa Juni ku Dedza pampu imalephera kuyamwa phala lotere ndipo imadyeka kuposa kale. Ine njira imeneyo ndimaitcha ya wogulitsa thirakitala, osati ya woisunga.

3. Njira yoyamwira

Pampu siingapereke chomwe sinamwe. Sinthani fyuluta ngati ilipo, ndipo yakaleyo muidule muone zomwe yagwira. Tsukani sefa ya pampu ndi palafini kapena dizilo woyera. Pa Massey sefayo ili pa pampu penipeni, mkati: pa zina mumaifikira pa chivindikiro cha m'mbali, pa zatsopanoko pali kachivindikiro kunsi kwa mimba.

Sefa yotsekeka kawirikawiri imavutitsa m'mawa oyilo ali wokhuthala, koma ili ndi chinyengo chake. Injini ikamayenda, zinyalala zoyandama zimakokedwa n'kumamatira pa sefa pang'onopang'ono mpaka kutseka. Mukazimitsa zimagwa. Ndiye zimaoneka ngati vuto la kutentha pomwe ndi vuto la nthawi. Kuzisiyanitsa n'kosavuta: ikafooka, zimitsani mphindi zitatu zokha n'kulizanso. Oyilo wa malita 30 sazizira m'mphindi zitatu. Ikabwerera mphamvu, thamangirani ku sefa.

Pa mathirakitala omwe pampu ili kunja, painjini, tsatirani payipi yoyamwira kuyambira pansi. Payipi yalabala yokalamba imafewa ikatentha n'kuphwatalala mkati, kunja ikuoneka yabwino. Kilampu yomasuka siidontha oyilo koma imalowetsa mpweya. Zizindikiro zake ndi kulira kwa pampu ngati ikupera miyala, thovu pa dipusitiki, ndi mikono yokwera monjenjemera.

4. Ngati oyilo akutentha mopyola, akumutenthetsa ndani?

Apa ndi pomwe pali chuma chobisika, chifukwa zambiri zimakonzeka popanda kugula kanthu. Oyilo akamakankhidwa pa puresha yaikulu n'kubwerera m'thanki osanyamula chilichonse, mphamvu yonseyo imasanduka kutentha. Masamu ake ndi awa: bar kuchulukitsa ndi malita a pa mphindi, kugawa ndi 600, mupeza ma kilowatt. Pampu yopereka malita 30 pa mphindi, ikamatulutsira pa relief valve ya 200 bar, ikupanga 10 kW. Amenewo ndi maketulo amagetsi asanu owira mkati mwa giyabokosi.

Tcherani khutu. Relief valve ikamatseguka imalira mokhala ngati mluzu ndipo injini imalemedwa pang'ono. Kulirako kukamamveka mikono itafika kale pamwamba, kapena osagwira liva iliyonse, mwapeza ng'anjo. Pa Massey, liva ya position control ikapitirira malo a transport n'kulowa pa constant pumping, pampu siipuma. Kachitsulo koimitsa livayo kakasuntha, dalaivala amayenda msewu wonse valavu ikulira iye osadziwa. Liva ya ma coupler a kumbuyo (polumikizira mapayipi a ngolo) yokanirira mbali imodzi imachitanso chimodzimodzi, ngakhalenso coupler yosalowa bwino.

Ngati thirakitala ili ndi choziziritsira oyilo kutsogolo kwa rediyeta, chiwalitseni ndi tochi. Mankhusu a chimanga, fumbi la Okutobala ndi zinyalala za nzimbe zimachimata ngati khoma. Ku Nchalo ndi ku Nsanje, komwe mpweya wokha umadutsa madigiri 40, kupemerera pamenepo ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Onaninso mabuleki: oviikidwa mu oyilo akamagwira pang'ono osamasuka, amaphika oyilo yemweyo wa hayidiroliki.

Yendetsani koyezera kutentha kaja pa mavalavu, masilinda ndi mapayipi. Malo omwe oyilo akuthawira mkati amatentha kuposa oyandikana nawo.

5. Zimitsani injini pulawo ili m'mwamba

Muyeso uwu ndi waulere ndipo umagawa mlandu pawiri. Oyilo ali wotentha, kwezani pulawo, zimitsani injini, aliyense aime patali. Yezani ndi tepi kutalika kwake kuchokera pansi, muyezenso pakatha mphindi zisanu ndi mphindi khumi. Kutsika pang'onopang'ono pa thirakitala ya zaka 40 si nkhani. Koma ikafika pansi m'mphindi imodzi kapena ziwiri, pali bowo lalikulu kumbali yosunga katundu: pisitoni ya silinda yonyamulira, ma O-ring, relief valve kapena control valve (valavu yomvera maliva okweza ndi kutsitsa mikono). Injini ikamayenda, bowo lomwelo limaoneka mwa ntchirichiri: mikono imatsika pang'ono, n'kudzidzimuka kukwera, n'kutsikanso. Ntchirichiriyo ikamafulumira oyilo akamatentha, umboni wakwana.

Ikagwira katundu nji osatsika, koma pokweza n'kumazengereza, maso anu abwerere kwa wopereka oyilo, kutanthauza sefa ndi pampu.

Silinda ya kunja, ya ngolo kapena loader yokankha mbali zonse ziwiri, ili ndi muyeso wake. Chirikizani katundu ndi zitsulo kapena mitengo yolimba, tambasulani silinda mpaka kumapeto, zimitsani, chotsani puresha, masulani payipi ya mbali ya ndodo n'kuitseka ndi pulagi. Lizani injini n'kukankhanso liva yotambasula. Oyilo akamatuluka ngati pampopi pa bowo lotsegukalo, seal ya pisitoni yatha.

6. Suzumirani mkati

Ubwino wa Massey ndi wakuti mutha kuona wakubayo ndi maso. Pampu yake, ya mapisitoni anayi, imakhala yomira mu oyilo pansi pa mpando, ndipo imazunguzidwa ndi shafiti ya PTO, yomwe imapita kumbuyo kukazunguza zipangizo. Ichi n'chifukwa chake pa zambiri mukaponda kilatchi mpaka pansi mikono imaima, ndipo limenelo si vuto. Oyilo amakwera kuchokera pa pampu kudzera mu kapayipi koimirira, stand pipe, kupita ku silinda yomwe yamangidwa kunsi kwa chivindikiro chapamwamba.

Masulani bawuti ya m'munsi ya chivindikiro cha m'mbali, oyilo atsike mpaka pamenepo, kenako chotsani chivindikirocho. Lizani injini, kwezani pulawo, walitsani tochi. Dzanja, nsanza kapena waya zisalowemo injini ikuyenda, muli magiya ozungulira. Oyilo akamagwa ngati mvula kuchokera kukamwa kwa silinda kumwamba, ndi maring'i a pisitoni kapena silinda yokandika. Akamatsetsereka motsatira stand pipe, ndi ma O-ring a kumapeto kwake, zinthu zotsika mtengo kuposa zonse pa thirakitalayo. Kumwamba kukakhala kouma koma pansi oyilo akuwira ngati kasupe pambali pa pampu, ndi relief valve kapena control valve. Relief valve imamasuka payokha ndipo imagulitsidwa payokha.

7. Geji

Tsopano pezani geji yoyezera puresha yofika 400 bar kapena 5000 psi, ndi payipi yopirira puresha imeneyo. Imangeni pa coupler ya kumbuyo kapena pa bowo loyezera la pa chivindikiro chapamwamba. Nambala yeniyeni ili m'buku la thirakitala yanu, koma zambiri zimakhala pakati pa 170 ndi 210 bar, kapena kuti 2500 mpaka 3000 psi. Werengani kanayi: yozizira pa liwiro lotsika ndi lokwera, yotentha pa liwiro lotsika ndi lokwera. Musaigwiritse pa relief valve kupitirira masekondi ochepa.

Puresha ikakhala yotsika mofanana nthawi zonse zinayi, muvi n'kumaima pamalo amodzi osasuntha, sipuling'i ya relief valve yatopa kapena pampando pake pali kachitsotso. Ikakhala yabwino m'mawa, n'kugwa ikatentha, n'kumakwera mukaponda mafuta, oyilo akuthawa. Ngati mayeso a 5 ndi 6 sanaonetse bowo kwina, chala chayamba kuloza pampu.

Chonde musaike mawashala pa relief valve kuti muvi ukwere. Valavu imeneyo ndi mlonda wa silinda ndi chivindikiro chapamwamba. Pampu yodyeka siichira nazo, ndipo tsiku lomwe pulawo idzakole chitsa m'mawa oyilo ali wokhuthala, chitsulo n'chimene chidzang'ambike.

8. Muyeso wogamula mlandu wa pampu

Geji yokha imatha kunama. Pampu yotha imathabe kukankha muvi mpaka 190 bar njira ikatsekedwa, chifukwa pamenepo sipafunika oyilo wambiri. Liwiro la mikono limachokera ku kuchuluka kwa oyilo woyenda, osati ku puresha. Ena amayesa potsanulira mu ndowa n'kuwerenga masekondi, koma popanda katundu ngakhale pampu yakufa imadzaza ndowa.

Chofunika ndi flow meter, chipangizo choyeza malita a oyilo odutsa pa mphindi, yokhala ndi valavu yofinyira. Amakhala nayo ndi magalaja akuluakulu ndi ogulitsa mathirakitala, ndipo kulipira muyeso umenewu n'kwanzeru kuposa kugula pampu mongoganizira. Oyilo akhale pa madigiri 50 mpaka 60, injini pa liwiro lomwe buku lanena. Werengani malita a pa mphindi valavu ili yotsegula, kenako finyani pang'onopang'ono mpaka kuyandikira puresha ya relief valve koma osafikapo. Pampu yabwino imataya pang'ono chabe. Ine ikataya gawo limodzi mwa magawo anayi, ndimauza mwini wake kuti ayambe kusunga ndalama. Ikataya theka, palibenso zokambirana. Muvi wa malita ukamavinavina ndipo pampu ikulira, bwererani ku sefa ndi payipi yoyamwira musanaiweruze.

Eni ma John Deere akale, monga 2130 kapena 4020, asamale pamenepa. Hayidiroliki yake ndi ya closed centre: pampu yaikulu ya kutsogolo imasunga puresha nthawi zonse, ndipo imadyetsedwa ndi kapampu kena ka m'giyabokosi. Kapampu kameneko kakafooka, kapena sefa yake ikatsekeka, yaikuluyo imafa ndi njala ili yabwinobwino. Valavu imodzi yothawitsa oyilo imapangitsanso pampu yaikulu kugwira ntchito osapuma mpaka zonse kutentha. Yezani kaye puresha ya kapampu kodyetsako.

9. Pampu ikapezeka yolakwa

Ya Massey imakonzeka: mapisitoni, maring'i, ma valve chamber ndi control valve zimapezeka pazokha, ndipo makaniko wodziwa amaona ngati thupi lake likadali loyenera kuvekedwa zatsopano. Pampu ya magiya ya aluminiyamu ikakandika mkati, imeneyo ndi yosintha basi.

Chomwe chinadya yakaleyo chikadali momwemo. Khuthulani oyilo yense ali wotentha, pa mapulagi onse a pansi, chifukwa zipinda zake n'zingapo. Kokolani matope a pansi pa giyabokosi ndi nsanza yosathothoka ulusi, tsukani sefa, sinthani fyuluta ndi malabala a magiya, ndipo masilinda a ngolo ndi mapayipi ake muwakhuthulenso. Oyilo watsopano adzere pa fanulo yoyera, osati chigubu chodula chomwe dzulo chinatungira dizilo. Lizani injini pa liwiro lotsika, kwezani ndi kutsitsa mikono kangapo popanda katundu kuti mpweya utuluke, muonenso dipusitiki.

Mukatero mangani pulawo ija, tengani pepala lija la masekondi, mubwerere kumunda womwe uja nthawi ya masana. Nambala za tsiku limenelo muzilembe ndi penti kuseri kwa chitseko cha shedi, pamodzi ndi deti ndi maola a pa mita.